Woswa Miyala wa pa Chitakale

Ine miyala ndimaidziwa.
Zaka khumi ndi zinayi ndili pansi pa mango awa,
hamala kumanja, mkombero wa tayala kumanzere,
kuswera kwale anthu omanga nyumba zimene sindidzalowamo.
Wilibala imodzi ndi sopo ndi mchere.
Ziwiri, ndiye kuti lero kwacha bwino.

Lachiwiri wailesi ya Makwinja wokonza njinga
inati kukubwera mwala,
kukula kwake ngati bwalo la mpira,
udutsa pakati pa ife ndi mwezi,
koma anthu asade nkhawa, utiphonya.
Ndinatula hamala.
Ndinati, amenewo ndi mawilibala angati?
Makwinja anaseka mpaka sipanala inamugwa.

Madzulo Etinala, mwana wanga wa Folomu 3,
anaika ndimu pamkeka, nati dzuwa ndi ili,
nthanga ya dzungu ndife,
kenaka anapinda m'thumba la malaya anga
n'kuwaza tizidutswa ta kwale pozungulira.
Ndi zotsala, bambo,
monga zimene amisiri amasiya kuseri akamaliza nyumba.
Dziko linamangidwa, izi palibe anasesa.

Tina n'tating'ono ngati mchenga, timapsera m'mwamba,
inu n'kumati nyenyezi yathothoka, kwinaku kwagwa maliro.
Ina imafika pansi, yakuda ngati mphika, yolemera chitsulo.
Wina, anthu asanakhaleko,
unagwa n'kutseka dzuwa ndi fumbi,
zinyama zikuluzikulu zonse psiti,
abale a zija anakumba mafupa ake ku Karonga.

Ndinangoti, ehe.
Sindinamuuze kuti ndikuganiza za mwala wina.

Mvula ija ya masiku atatu,
phiri litalira ngati malole zana akutsika opanda mabuleki,
palibe wailesi inatchula kukula kwake,
palibe anati utiphonya.
M'mawa anthu anati wadutsa Napolo.
Pamene panali nyumba ya mchimwene wanga Sitolo
panakhala mwala, phee,
wamtali kuposa tchalitchi,
nsalu ya mlamu itapanikizika pansi pake.

Ulipobe.
Kontilakita wina anandiuza kuti ndiusonkhere moto,
ung'ambike, tigawane ndalama.
Mawilibala ake ndinawerenga, ndisaname.
Koma hamala yanga siidzakhudza pamenepo.

Akuti kunja kuli alonda a miyala,
amagona masana, usiku maso ali pa magalasi aatali,
mwala uliwonse amaupatsa nambala
ngati ng'ombe za kudibi,
amadziwa tsiku ndi ola limene udzadutse
ngakhale zidzukulu zawo zisanabadwe.
Ntchito yabwino.
Ndikadakonda mmodzi yekha mwa iwo
akadatsitsa galasi lake pang'ono,
aloze ku Chambe,
andiuze kuti uja wapendekeka pamwamba pa midzi
akudikira mvula ya chaka chiti.

Usiku wake tinatulutsa mpando ndi chigubu, kukhala pabwalo.
Chiperoni anali ataphimba zonse,
phiri losaoneka, mwezi wosaoneka.
Etinala ankayang'ana nthawi pafoni ya mayi ake.
Anati, pano, bambo. Ukudutsa pano.
Galu wa a Namasaka anauwa kawiri.
Dontho linagwa kuchokera padenga.
Basi.
Imfa yadutsa pakhomo osagogoda,
ife tikupha udzudzu.

Kutacha anandilondola kuntchito asanapite kusukulu,
m'manja maginito a sipikala yakufa.
Akuti wochoka kumwamba umamata.
Anayendetsa pa mulu wonse, mwala ndi mwala,
yunifolomu kuyera fumbi,
mwina, bambo, mwina mwakhala mukuswa nyenyezi osadziwa.

Atatembenuza, panali msomali wadzimbiri
ndi tizitsulo tonyezimira, tambirimbiri.
Anakuwa.
Ine ndinatizindikira.
N'ta hamala yanga,
imene yakhala ikutha pang'onopang'ono
ine n'kumati ndine ndikuswa.

Thamanga, belu lalira.
Lole ya ku Limbuli ikufuna mawilibala asanu ndi limodzi
dzuwa lisanafike paliwombo.